Mutu 6: Chirundu cha a Hamza pa Intaneti

1. Maboti atatu

Lachitatu a Hamza anabwerako ku nyanja dzuwa lisanafike pamutu, chilimira, ukonde wawo wa utaka, chili chouma. Sanachiponye n'komwe m'madzi. Anthu a pa doko la ku Ngala ataona mmene mkuluyo anatsikira m'bwato, aliyense anapeza chochita msangamsanga. Wina anayamba kusoka ukonde wosang'ambika, wina kutsuka beseni lotsuka kale.

Safiya yekha ndiye anawayandikira. Anali mwana wa mlongo wawo, mtsikana wa chaka chomaliza ku yunivesite kumene ankaphunzira za nsomba. Sabata imeneyo anali kumudzi pa tchuthi.

"Kwagwanji, amalume?"

"Pa chirundu changa pali maboti atatu a injini," anatero a Hamza mwaukali. "Aima pamwamba penipeni pa miyala. Akukokolola ndi maukonde a maso ang'onoang'ono, ndi tiana ta nsomba tomwe. Nditawafunsa, anyamata aja andiseka. Ati, 'Madala, nyanja ilibe mpanda.'"

Wa kumtunda mwina sachidziwa chirundu. Ndi mulu wa miyala pansi pa nyanja, pamene utaka umasonkhana. Pamwamba suona kanthu, ndi madzi okhaokha. Msodzi amachipeza poyang'ana kumtunda: mlambe wakuti ukalunjikana ndi nsonga ya phiri, denga la mzikiti n'kubisala kuseri kwa mgwalangwa, basi wafika. Zizindikiro zimenezo sazitchula pagulu. A Hamza anazilandira kwa amalume awo, ndipo anali atauzapo munthu mmodzi yekha, a Swaibu, amene anapalasa nawo bwato zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

A Hamza anatembenukira kwa a Swaibu omwewo, amene ankatsitsa nkhafi.

"Lolemba anthu anakuona mu tiyirumu ku Dwangwa, ukumwa tiyi ndi mwini maboti aja. Ndanama?"

"Simunaname. Anandipeza nditakhala kale. Kodi ndikanathawa ndi kapu m'manja?"

"Wandigulitsa, Swaibu."

"Wallahi, sindinatchule ngakhale tsamba la mlambe."

"Lachisanu tikatuluka ku mzikiti, alovi onse a m'mabwato a pa doko lino asonkhane pansi pa mkuyu. Ndidzanena pamaso pawo chimene uli. Tione ngati kuchokera ku Bua mpaka ku Dwambazi kudzapezeke bwato lokweza munthu woulula."

Pa nyanja, mawu amenewo ndi imfa. Munthu amene waulula chirundu palibe amamutenganso, ndipo a Swaibu anali ndi ana asanu kunyumba.

A Hamza atachoka, a Swaibu anakhala pa mchenga n'kulankhula ngati akudzifunsa okha. "Chondidabwitsa n'chimodzi, mwanawe. Anyamata aja sankayang'ana kumtunda n'komwe. Wotsogolayo maso ake anali pa foni."

Safiya sanadikire kumva zambiri. Anasiya beseni pomwepo n'kulunjika kunyumba.

2. Mpango kumaso

Miyezi isanu ndi itatu m'mbuyomo, Safiya anali atayamba kafukufuku wake wa chaka chomaliza. Ankafuna kuyeza utaka wa malo osiyanasiyana: kutalika kwake, kulemera kwake, ndi nthawi imene umakhala ndi mazira. Anawachonderera amalume ake masiku anayi kuti amutenge ku chirundu.

Pomaliza anavomera, koma ndi lamulo. "Tikangochoka pa doko udziphimbe kumaso ndi mpango wako. Usavundukule mpaka nditanena. Sikuti sindikukhulupirira ayi. Ana a sukulu mumalankhula mopitirira."

Safiya anadziphimba akuseka. Alovi ankamuseka kuti akupalasa mkwatibwi. A Hamza anayang'ana mlambe wawo, anayang'ana phiri lawo, mtima uli m'malo kuti chinsinsi chatetezeka.

Ayi ndithu, mkulu ameneyu anaphimba maso awiri n'kusiya lachitatu. M'chikwama cha Safiya munali kajipiyesi ka ku yunivesite, kachipangizo kolemba malo pamene munthu waima. Akangokadina, kankasunga manambala a malowo. Mtsikanayo ankakadina poyeza nsomba paliponse, monga anamuphunzitsira, osaganiza n'komwe kuti akulemba chinsinsi cha banja.

Ku yunivesiteko kunali lamulo lakuti zonse zimene munthu wapeza pa kafukufuku azitumiza ku nkhokwe ya pa intaneti, kuti aliyense wofuna atenge n'kugwiritsa ntchito. Potumiza pankadzazidwa fomu. Funso lina pa fomupo linkati, "Kodi eni malo avomera kuti malowo aoneke?" Linali tsiku lomaliza, netiweki ikuvuta, anzake akumudikira pakhomo. Safiya anachonga mabokosi onse kuyambira pamwamba mpaka pansi, monga timachitira tonsefe ndi zinthu zimene sitinawerenge.

Tsopano anakwera pa chulu cha kuseri kwa nyumba, pamene netiweki imagwira, n'kutsegula tsambalo pa foni. Fayilo yake inali pomwepo. Mzere uliwonse unali ndi nsomba yake, tsiku lake, ndi manambala awiri a malo. Mizere ya chirundu cha a Hamza inkaonekeratu, chifukwa nsomba zake zinali zonenepa kuposa zonse. Pansi panalembedwa kuti anthu makumi asanu ndi limodzi ndi atatu anali atakopera kale.

3. Mawu a Amayi Muriel

Safiya anaimbira mphunzitsi amene ankayang'anira kafukufuku wake, Amayi Muriel. Moni weniweni sanapereke.

"Madamu, lamulo lanu lija lawononga anthu kuno. Chotsani fayilo yanga. Chotsani zonse. Mukuti zinthu zikhale poyera, poyera kwa ndani? Amalume anga alibe foni ya intaneti, Chingerezi sawerenga. Munthu wa kutsidya kwa nyanja zamchere angathe kuona chirundu chawo, eni ake sangathe. Ndiye kumasuka kumeneko?"

Amayi Muriel anamusiya mpaka mpweya utamuthera. Kenako anamufunsa mafunso atatu okha, n'kumva nkhani yonse.

"Tsopano undimvere ine," anatero. "Pamene ndinali msinkhu wako ndinafuna kudziwa kuti utaka unali wochuluka bwanji kale. Anthu anali atayeza, zaka ndi zaka, pa magombe omwewo. Asodzi anawapalasira mabwato, amayi anawaphikira. Koma manambala ananyamuka nawo. Ena anawola m'makabati, ena ali m'mayiko a eni, ndipo ndinalemba makalata khumi ndi awiri osayankhidwa. Ndinayambira pachiyambi ngati palibe anayezapo. Boma likafuna kutseka nyanja kuti nsomba ziswane, limangoyerekeza, chifukwa odziwa anabisa. Nkhokwe ija inamangidwa kuti umbombo umenewo uthe. Usainyoze pamaso panga."

"Koma madamu..."

"Sindinathe. Kugawana sikutanthauza kuvula. Kutalika kwa nsomba, kulemera, mazira, zimenezo ndi za aliyense. Koma malo a munthu timawabisa. Timalemba kuti 'dera la Ngala', basi. Funso lija pa fomu silinaikidwe kuti likongoletse pepala. Unawafunsa amalume ako?"

"Ayi."

"Koma unachonga kuti avomera."

"Inde."

"Ndiye unanama, Safiya. Ndipo ine ndinasayina pansi pa bodza lakolo osatsegula fayilo. Mlandu umenewo ndi wanga, ndikaunena ndekha kwa akuluakulu. Manambala a malo ndiwachotsa lero lomwe. Koma dziwa kuti amene anakopera, anakopera. Madzi akatayika sawoleka. Chimene mungachite ndi kupita kwa komiti ya pa doko ndi alangizi a za usodzi, chifukwa maukonde a maso ang'onoang'ono ndi oletsedwa. Za bambo amene akunamiziridwayo, ine sindingakuthandize. Pakamwa ndi pako."

Foni inaduka. Safiya anakwiya kwambiri, makamaka chifukwa panalibenso wina womukwiyira.

4. Malangizo a pakhomo

Mayi ake a Safiya, mlongo wawo wa a Hamza, anamva nkhaniyo akupeta mpunga. Anaika lichero pansi, n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Wauza ndani?"

"Inu nokha."

"Zithere pomwepa. Ukundimva? Bambo ako atamwalira, ndani anakulera? Ndani anakakusiya ku sekondale atanyamula katundu wako pamutu, anthu akumuseka kuti akuphunzitsa mwana wamkazi? Achimwene anga ndimawadziwa ine. Anakhala zaka zisanu ndi ziwiri osalankhulana ndi msuweni wawo chifukwa cha nangula. Nanga chirundu? Akamva kuti ndiwe, pakhomo pano sudzapondanso, ndipo ine ndidzakhala pakati ngati chala chopanidwa ndi chitseko. Wati aphunzitsi ako achotsa manambalawo. Ndiye chatsala n'chiyani? Swaibu ndi mwamuna, akapeza ganyu ku mizimbe. Iwe Lamlungu ukwere basi uzipita kusukulu."

"Mayi, munthu uja sanalakwe."

"Pa dziko pano amene amavutika ndi olakwa okha? Khala chete."

Safiya anakhaladi chete Lachinayi lonse. Tisamunamizire kulimba mtima kumene analibe. Anachapa zovala zake, anazipinda, anaziika m'chikwama.

Masana anapita ku mjigo. Mkazi wa a Swaibu anali pa mzere ndi zidebe ziwiri. Nthawi yake yotunga itakwana, mayi wina anakankha chidebe chake ndi phazi n'kuikapo chake. "Tiyambe ife," anatero. "Inu kwanu mukumwa tiyi wa ku Dwangwa." Amayi ena anaseka. Mkazi uja anatola zidebe zake zopanda madzi n'kubwerera, kamwana kake kakumutsatira pambuyo.

Safiya anatunga madzi ake, anasenza, anakafika kunyumba. Chakudya cha tsiku limenelo sichinamulowe.

5. Pansi pa mkuyu

Lachisanu, swala ya ku mzikiti itatha, alovi anasonkhana pansi pa mkuyu wa pa doko. Anabwera ndi ena amene nkhaniyo sinkawakhudza, paja mlandu wa mnzako umakoma kumvera. A Swaibu anakhala paokha pa bwato lovundikira, atavala mkanjo wawo woyera. Amayi anaima chapatali, ndipo Safiya anali pakati pawo, mayi ake atamugwira dzanja.

A Hamza anaimirira.

"Anyamata inu amene mwayamba kumene kugwira nkhafi, tcherani makutu, chifukwa lero ndikuphunzitsani kwaulere. Kuli chinthu chimene timachitcha amana. Ndi chinthu chimene mnzako wakusungitsa. Si chako. Sungachigulitse, sungachibwereketse, sungachionetse kwa mlendo ngakhale atakumwetulira bwanji. Chirundu chija si changa ine. Anandisungitsa amalume anga, iwonso anawasungitsa amalume awo. Mukuganiza kuti timabisa chifukwa cha dyera? Timabisa kuti nsomba zipume. Ine ndimapitako kawiri pa sabata. Utaka ukakhala ndi mazira sindiyandikirako, ngakhale kunyumba kugonedwe ndi njala. Zaka makumi anayi chirundu chija chatidyetsa, ndipo sichinathe. Anyamata a injini aja achimaliza mwezi usanathe, n'kupita kwina akuimba mluzu. Ndiye munthu amene waulula malo otere sanabere Hamza yekha. Wabera ana amene sanabadwe. Munthu woteroyo ndi uyu wakhala apayu. Kuyambira lero..."

"Amalume."

Mawuwo anachokera kwa amayi. Safiya anali atachotsa dzanja lake m'dzanja la mayi ake. Anayenda mpaka pakati pa bwalo, n'kugwada pa mchenga.

"Safiya, ino si nkhani ya ana."

"Ndi yanga, amalume. A Swaibu sanaulule kanthu. Ndine."

A Hamza anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Iwe? Ndinaona ndekha utadziphimba kumaso."

Safiya anatulutsa kajipiyesi m'chikwama n'kukaika pa mchenga. Anafotokoza zonse mwadongosolo: mmene kamalembera malo, za nkhokwe ya pa intaneti, za fomu, ndi za bokosi limene anachonga kuti iwo avomera pamene sanawafunse. Sanabise chiwerengero cha anthu amene anakopera. Sananene kuti netiweki inkavuta, ngakhale mawuwo anali pa nsonga ya lilime.

A Hamza anakayang'ana kachipangizoko nthawi yaitali.

"Ndiye unandilembera kuti ndavomera."

"Inde, amalume."

"Ine ndili moyo, ndili ndi pakamwa, ndikukhala mtunda wongoitana kuchokera pakhomo pa mayi ako, iwe n'kundivomerera."

"Inde."

"Ukanandifunsa, ndikanakupatsa nsomba zonse uyeze mpaka utatopa. Ndikanati uwauze anthu a dziko lonse kuti utaka ukuchepa, amve, mwina angatithandize. Zimenezo sindikanakaniza. Koma sukulu imene ndinakuperekeza ndekha yakuphunzitsa kuti munthu wosawerenga safunsidwa. Nkhuyu zodya mwana zapota akulu." Anapuma mwamphamvu. "Ndipo unadziwa liti?"

"Lachitatu."

"Lachitatu. Lero ndi Lachisanu."

Pamenepo Safiya analira, chifukwa pa zonse zimene anachita, chimenecho ndicho chinalibe chowiringula.

A Hamza anatembenuka. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pa bwato lovundikira lija, anavula chisoti chawo, n'kuima pamaso pa a Swaibu. Anthu a ku Ngala anali asanaonepo mutu wa a Hamza uli pamtunda pagulu.

"A Swaibu, ndakulakwirani. Ndikhululukireni."

A Swaibu anaimirira n'kusasa mchenga pa mkanjo. "Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, a Hamza. Mwera unatigubuduza kawiri, ndinakukokani ndi dzanja ili. Kapu imodzi ya tiyi yafafaniza zonsezo. Mwana uyu walakwa, koma wadzinenera yekha. Inu simunandifunse n'komwe kachiwiri." Anayang'ana kumene kunaima amayi. "Wina akatungire mkazi wanga madzi."

Ananyamula nkhafi yawo, imene inkakhala m'bwato la a Hamza zaka zonsezo, n'kuchoka nayo.

6. Cha Njala

Anthu anabalalika mmodzimmodzi. Pansi pa mkuyu panatsala a Hamza ndi Safiya, amene anali chigwadire.

"Dzuka," anatero mkuluyo. Ukali unali utatsika, patatsala kutopa. "Sindinakukhululukire, usadzinamize. Koma sitifa. Chirundu chija chapita, komabe Mulungu satseka makomo onse. Chilipo Cha Njala."

Cha Njala chinali chirundu chachiwiri, chakutali, kumpoto chakuzama. A Hamza ankapitako chaka cha njala chokha, pamene kwina konse kwakanika. M'zaka makumi anayi anali ataponyako chilimira kasanu. Ulendo wachisanu ndi chimodzi anapita ndi Safiya, atadziphimbanso kumaso, koma sanaponye chilimira. Anangowedzako nsomba zochepa, chifukwa mwana wa mlongo wawo anapempha kuti ayeze nsomba za malo amene anthu sasodzako.

Safiya akanatha kudzuka n'kupita. Palibe anamufunsa. Basi ya Lamlungu inali ikadalipo, ndipo chikwama chinali chomangamanga.

"Amalume," anatero, "nachonso chinalimo mu fayilo ija. Mzere wa makumi anayi ndi chisanu ndi chiwiri."

A Hamza sanakalipe. Anakhala pansi pa muzu wa mkuyu, chisoti chili m'manja.

Ali chikhalire choncho, anamva mapazi pa mchenga. Anali a Swaibu. Mkanjo anali atavula, atavala kabudula wa pa nyanja, nkhafi ili paphewa.

"Sindinabwerere inu," anatero osawayang'ana a Hamza. "Ndinakwera pa chulu. Maboti atatu aja adutsa pa chirundu choyamba osaima. Alunjika kumpoto, chakuzama."

A Hamza anavala chisoti. Anaitana alovi awiri amene anali asanapite patali, natuma wachitatu kuti athamangire kwa wapampando wa komiti ya pa doko. Anagwira bwato mbali imodzi, a Swaibu anagwira mbali inayo, osalankhulana.

Bwato litakhudza madzi, a Hamza anacheuka.

"Iwe, tola kachipangizo kakoko ndi foni yako. Ukajambule maukonde awo, ukalembe tsiku ndi malo, monga umadziwira. Zimenezo ndiye ukaziike poyera, ndavomera ndi pakamwa panga."

Safiya anakwera. Mwachizolowezi anagwira mpango wake kuti adziphimbe kumaso.

"Usiye," anatero a Hamza. "Ubisiranji? Yang'ana kumtunda, uone chimene unagawa."